Manul, mphaka wobisala pamtetete, ndi ntchito yomujambula

Pa mitundu pafupifupi 40 ya amphaka akutchire imene ilipo padziko lapansi, yodziwika kwa anthu ambiri siifika ngakhale khumi. Mkango, nyalugwe, kakwiyo ndi akambuku amizere a ku Asia ndiwo adzaza mabuku ndi mawailesi akanema. Otsalawo ambiri ndi ang'onoang'ono, msinkhu wa mphaka wapakhomo, ndipo amabadwa, kukula mpaka kufa munthu asanawaonepo. Mmodzi mwa iwo ndi manul, amene m'mabuku ambiri amatchedwa mphaka wa Pallas. Peter Simon Pallas anali katswiri wa zachilengedwe wa ku Germany yemwe ankagwira ntchito ku Russia, ndipo ndiye anayamba kufotokoza za mphakayu m'zolemba zasayansi mu 1776.

Masiku ano nkhope ya manul yafala kwambiri pa intaneti. Anthu amakondwa naye chifukwa amaoneka wonenepa, wankhope yophwatalala, ngati wakwiya nthawi zonse. Koma wongoseka nkhopeyo n'kupitirira amasiya nkhani yeniyeni m'mbuyo. Chilichonse chimene chimatikopa pa chithunzi chake, kuyambira makutu mpaka kunsonga kwa mchira, chili ndi ntchito: kumubisa kwa adani ndi kumuteteza ku chisanu. N'chifukwa chake kumujambula n'kovuta. Wojambula amene sanaliphunzire thupi la nyamayi amabwerera chimanjamanja, apo ayi amabwera ndi chithunzi chimene mphakayo wavutikira.

Kwawo kwa manul ndi m'zidikha zozizira ndi m'mapiri amiyala a pakati pa Asia. Ambiri ali ku Mongolia ndi ku China, makamaka kumtunda kwa Tibet ndi Qinghai, koma amapezekanso kumwera kwa Siberia m'madera a Altai, Tuva ndi Transbaikal, ku Kazakhstan, Kyrgyzstan, Iran, Afghanistan, Pakistan, ndi ku Ladakh kumpoto kwa India. Ndi dziko la udzu waufupi, mitengo kulibe, mvula ndi yochepa, mphepo siipuma, ndipo m'nyengo yachisanu kuzizira kumafika madigiri 40 pansi pa ziro. Nyama yaing'ono yokhala poyera chotere imasakidwa kuchokera kumwamba ndi pansi pomwe: ziombankhanga, akadzidzi akuluakulu, nkhandwe, mimbulu, ndiponso agalu a abusa a ziweto.

Thupi lake

Choyamba kunamiza maso ndi kukula kwake. Pa chithunzi amaoneka chimphaka, komatu amalemera makilogalamu 2.5 mpaka 4.5 basi. Thupi ndi lotalika masentimita 46 mpaka 65, mchira masentimita 21 mpaka 31. Chimene chimamukuza ndi ubweya, womwe ndi wothithikana kuposa wa amphaka ambiri: pa kadera ka sentimita imodzi mulitali ndi mulifupi pamatha kumera tsitsi lokwana 9,000. Ubweya wa kumimba ndi wautali pafupifupi kawiri kuposa wa kumsana, ndipo zifukwa zake n'zoonekeratu kwa nyama imene imatha nthawi yaitali itagona chafufumimba pa nthaka youma ndi chisanu, kudikira chakudya. Kukazizira kwambiri amakhala tsonga n'kuponda mchira wake ndi mapazi akutsogolo kuti asakhudze pansi. Nsonga za tsitsi lake ndi zoyera, motero m'nyengo yachisanu amaoneka wotuwa ngati wagweredwa chipale, pomwe m'nyengo yotentha ubweya umachepa, umafiirirako, ndipo timizere takuda ta kumsana timayamba kuoneka. Amene akufuna chithunzi cha manul wofutukuka uja amayenera kupirira miyezi yozizira. Wopita m'chilimwe amapeza nyama yowonda kuposa momwe amayembekezera.

Makutu ndiwo amandisangalatsa kwambiri. Mphaka wapakhomo makutu ake ndi osongoka, oima pamwamba pa mutu. A manul ndi aafupi, ozungulira, ndipo ali m'mbali, m'munsi, motalikirana, kusiya pamwamba pa mutu pali see. Akasuzumira kuseri kwa mwala, chotulukira ndi chipumi chamadontho akuda ndi maso awiri basi. Palibe nsonga ziwiri zoti mbewa kapena chiombankhanga chizindikire kuti apa pali mphaka. Maso nawonso akhala m'mwamba pa nkhope, moti amatha kuona zonse thupi lonse lili lobisika.

Pa masowo pali chinthu chimene wojambula aliyense amafuna kuti chituluke bwino. Amphaka ang'onoang'ono ambiri, kuwala kukachuluka, kadontho kakuda ka pakati pa diso kamafinyika n'kukhala kamzere koima. Ka manul kamachepa koma kamakhalabe kozungulira, monga ka mkango kapena ka munthu. Ichi ndicho chimapangitsa kuti akakuyang'ana uzimva ngati akukuweruza. Onjezanipo mizere iwiri yakuda yotsika kuchokera m'makona a maso kudutsa m'masaya, ndi mphete zoyera zozungulira masowo, ndiye mupeza nkhope imene simungaisokoneze ndi ya mphaka wina aliyense.

Miyendo ndi yaifupi, ndipo kuthamanga si luso lake. Galu akamupeza patali ndi miyala, kawirikawiri amamugwira. Chipale chofewa chikakwera kupitirira masentimita 15 kapena 20 amavutika kuyenda, n'chifukwa chake amasankha madera amene mphepo imasesa chipalecho. Ndiye akaona mdani amatani? Amadziphwatika pansi, mutu pansi, makutu m'mbali, n'kungoti zii osagwedezeka. Pakati pa miyala yotuwa ndi udzu wouma amasanduka mwala wina. Apa pali msampha waukulu kwa ojambula osadziwa. Mphaka amene wagona duu munthu akumuyandikira sakusonyeza kuti wazolowera anthu kapena kuti ndi wofatsa. Wagwidwa ndi mantha, ndipo akuchita chinthu chokhacho chimene thupi lake limadziwa pofuna kupulumuka. Zithunzi zambiri zapafupi zosonyeza manul atagona pansi, maso ali tong'o pa kamera, ndi zithunzi za nyama imene ikuyembekezera kugwidwa. Munthu ukangodziwa zimenezi, suzionanso zithunzizo monga kale.

Chakudya chake chachikulu ndi pika, kanyama ka m'banja la akalulu ka makutu aafupi, pamodzi ndi mbewa za m'zidikha, timbalame, ndi tizilombo nthawi zina. Amasaka makamaka m'mamawa ndi chakumadzulo, mwa kunyang'ama pang'onopang'ono kapena kudikira pakhomo pa una. Yekha sakumba. Amagona ndi kuberekera m'ming'alu ya miyala kapena m'mauna osiyidwa ndi nyama zina, makamaka marmot, nyama yonenepa ya m'banja la agologolo imene imakumba mauna. Dera limene mphaka mmodzi amayendamo ndi lalikulu modabwitsa poyerekeza ndi msinkhu wake. Kafukufuku yemwe Steven Ross ndi anzake anachita pafupi ndi nkhalango yotetezedwa ya Hustai ku Mongolia, pomanga timawailesi m'khosi mwa amphaka, anapeza kuti wamkazi amayenda dera la masikweya kilomita pafupifupi 23, pomwe wamwamuna amafika pafupifupi 100. Nyama ya makilogalamu anayi, yofanana mtundu ndi nthaka, m'dera lalikulu chotero: umu ndi momwe ntchito ya wojambula ilili.

Kamera yotchera ndi kamera ya m'manja

Njira imene yasintha kwambiri zimene tikudziwa za amphaka osowa ndi kamera yotchera, yomwe imasiyidwa kutchire kuti izijambula yokha. Maganizowa si atsopano. M'zaka za m'ma 1890, George Shiras wa ku America ankamanga chingwe panjira ya nyama, nyamayo ikachikhudza ufa wowala unkaphulika ndipo chithunzi chinkatengedwa usiku. Magazini ya National Geographic inasindikiza zithunzi zake mu 1906. M'zaka za m'ma 1990, Ullas Karanth anagwiritsa ntchito makamera otere ku Nagarahole, ku India, powerenga akambuku amizere, popeza mizere ya kambuku aliyense ndi yakeyake. Kuyambira pamenepo kamera yotchera inasanduka chida chowerengera nyama, osati chongojambulira.

Makamera amakono sagwiritsa ntchito chingwe. Ali ndi kadiso kamene kamamva kutentha koyenda: nyama yofunda ikadutsa kutsogolo kwa miyala yozizira, kamera imajambula. Usiku ena amawalitsa kuwala kwa infrared, kosaoneka ndi maso a munthu, komwe sikusokoneza nyama kwambiri koma kumapereka zithunzi zopanda mitundu, ena amagwiritsa ntchito fulashi yoyera imene imatulutsa mitundu yonse. Vuto lake ndi lakuti kadisoko sikasankha. Dzuwa likatenthetsa udzu ndipo mphepo ikaugwedeza, kamera imajambula zithunzi mazanamazana zopanda kanthu mpaka mabatire kutha. Nkhosa, mbuzi ndi ng'ombe zimaigwetsa kapena kunyambita galasi. Chipale chimaikwirira. Kuzizira kumamwa mabatire msanga, n'chifukwa chake kumeneko amadalira a lithium.

Luso lenileni lili posankha malo. Wotchera amafufuza mapazi pa chipale kapena pa fumbi, ndowe pakhomo pa phanga, mpata wopapatiza pakati pa miyala umene nyama iliyonse yodutsa iyenera kulowamo, ndiponso pamene pali mauna ambiri a pika. Kwa manul kamera imaikidwa m'munsi kwambiri, pafupi ndi nthaka, chifukwa yoikidwa pa msinkhu wa nyalugwe imangojambula mpweya pamwamba pake. Kenako munthu amachoka, n'kudzabwera patapita milungu kapena miyezi.

Njira imeneyi yabala zithunzi zina zotchuka kwambiri. Mu 2008 Steve Winter anapambana mpikisano wa Wildlife Photographer of the Year ndi chithunzi cha nyalugwe wa m'mapiri achisanu akuyenda usiku chipale chikugwa, chomwe anachitchera ku Hemis, ku Ladakh. Mu 2020 Sergey Gorshkov anapambana ndi kambuku wamkazi wa ku Siberia akukumbatira mtengo, atadikira miyezi pafupifupi 11. Ena amati chithunzi chotere si cha wojambula chifukwa sanali pomwepo podina. Ine sindigwirizana nawo. Anasankha malo, anayeza kuwala, anaganizira komwe nyama idzaima, ndipo koposa zonse anailola kuti izichita zake popanda munthu pafupi. Mphaka wofiira wa ku Borneo, mmodzi mwa osowa kwambiri padziko lonse, anajambulidwa ali kutchire mu 2002 ku Gunung Mulu, ndipo zambiri zimene zadziwika za moyo wake kuchokera nthawi imeneyo zachokera ku makamera otchera.

Kujambula ndi kamera ya m'manja ndi nkhani ina. Kumafuna lenzi yaitali, ya mamilimita 400 mpaka 600, choimikapo kamera cha miyendo itatu, ndi magalasi oonera patali. Koma chofunika kuposa zonsezi ndi anthu a kumaloko. Ku Mongolia, ku Qinghai ndi ku Hanle ku Ladakh, amene amapeza amphakawa ndi abusa ndi otsogolera alendo omwe anakulira m'zidikhamo, amene amadziwa mulu wa miyala womwe munali mphaka chaka chatha ndipo amazindikira kachipumi kotuwa pa mtunda umene mlendo saona kanthu. Dzina lawo silimalembedwa pansi pa chithunzi kawirikawiri, ndipo zimenezi si chilungamo.

Wojambula amafika kusanache, amakhala pansi mphepo ikuchokera kwa nyama kubwera kwa iye, sayimirira pamwamba pa chitunda pomwe thupi lake lingaoneke patali, ndipo amadikira. Batire yapadera amaisunga m'thumba la mkati pafupi ndi thupi kuti ifunde. Akabwerera ku hema wofunda salowa ndi kamera ili poyera, amayamba waitsekera m'chikwama kuti ifunde pang'onopang'ono, apo ayi chinyezi chimadzaza m'galasi n'kudzauma ngati madzi oundana akatulukanso. Pojambula, kamera yodziyezera yokha kuwala imanyengedwa ndi chipale n'kuchidetsa, choncho amawonjezera kuwala ndi dzanja. Imavutikanso kupeza pogwira pa nyama yotuwa pakati pa miyala yotuwa, ndiye amalunjika pa diso.

Malire amene sayenera kudumphidwa

Manul amabereka kamodzi pa chaka. Nthawi imene wamkazi amalola wamwamuna ndi yaifupi zedi, tsiku limodzi kapena awiri. Bere limatenga masiku 66 mpaka 75, ndipo ana, kawirikawiri awiri mpaka asanu ndi mmodzi, amabadwa mu Epulo kapena Meyi. Ambiri mwa iwo samafika pa msinkhu wodziimira paokha. Pamene anawo ayamba kutuluka n'kumasewera pakhomo pa phanga m'miyezi yotsatira, ndi pomwe alendo ojambula amachuluka, chifukwa mayi woyamwitsa sapita kutali ndipo malo ake amadziwika.

Apa m'pomwe pali ngozi. Mayi akaona kuti phanga lake ladziwika amasamutsa ana, kuwanyamula pakamwa mmodzimmodzi kudutsa pamtetete pomwe chiombankhanga chikuona. Mapanga abwino ndi ochepa, ndiye komwe akupitako kungakhale koipa kuposa komwe wachoka. Ngakhale asasamuke, ola lililonse limene akhala akuyang'anitsitsa anthu ndi ola lomwe sanasake. Fungo ndi njira zimene anthu asiya zimatha kutsogolera agalu ndi nkhandwe ku phangalo. Wojambula amakwera ndege n'kubwerera kwawo ndi chithunzi chokongola, osadziwa zimene zinachitika atachoka.

Choncho ojambula osamala amakhala patali moti nyama ipitirize zimene inali kuchita, amachoka ikangosonyeza kusakhazikika, sathamangitsa mphaka ndi galimoto kapena njinga yamoto kuti atope agone pansi, saika nyambo, ndipo saulutsa drone pamwamba pa nyama imene mdani wake wamkulu amachokera kumwamba. Asanaike chithunzi pa intaneti amachotsamo manambala a GPS, osonyeza malo enieni amene chinajambulidwira, omwe kamera kapena foni imabisa m'kati mwa chithunzicho, popeza manambalawo angafikitse wosaka kapena gulu la alendo pakhomo penipeni pa phanga.

Palinso nkhani yonena zoona. Zithunzi zambiri za manul zimene zimazungulira pa intaneti zinajambulidwa kumalo osungira nyama, ndipo palibe cholakwa pamenepo bola wojambula anene. Cholakwa ndi kuchionetsa ngati chakutchire. Mpikisano wa Wildlife Photographer of the Year unalanda mphoto yaikulu ya 2009 oweruza atakhutira kuti mmbulu wa pa chithunzi chopambanacho unali woweta. Chinyengo chotere chimaononga zambiri kuposa mbiri ya munthu mmodzi, chifukwa chimapatsa anthu chithunzithunzi chakuti nyama zosowa n'zosavuta kuzipeza, ndipo obwera pambuyo amakakamiza otsogolera awo kuti awapezere zomwezo mwa njira iliyonse.

Kodi manul ali pangozi yotha? Bungwe la IUCN, lomwe limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi padziko lonse, mu 2020 linamuchotsa pa gulu la nyama zoyandikira ngozi n'kumuika pa gulu la zosadetsa nkhawa kwambiri, poyerekeza kuti akuluakulu alipo pafupifupi 58,000. Kusinthaku kunadza chifukwa zinadziwika kuti amapezeka m'dera lalikulu kuposa momwe ankaganizira, osati chifukwa achuluka. Bungwe lomwelo likuti chiwerengero chikutsika, ndipo magulu ambiri ndi ang'onoang'ono, otalikirana. Ziweto zikachuluka zimadya udzu mpaka pansi ndipo zimabwera ndi agalu. Ku China ndi ku Mongolia kwakhala kukuchitika ntchito zothira poizoni pofuna kupha pika ndi mbewa, poziona ngati zoononga msipu, zomwe zimachotsa chakudya cha mphakayu. Kusakidwa kwa marmot kumachepetsa mauna oberekeramo, ndipo alenje ena amaombera manul pomuyesa marmot. Migodi ndi misewu zikudula zidikha. Mu 2024, pa msonkhano wa ku Samarkand ku Uzbekistan, maiko anamuika pa mndandanda wa pangano la CMS loteteza nyama zodutsa malire a maiko.

Kumusunga mu mpanda sikungalowe m'malo mwa kumuteteza kwawo. Ana obadwira kumalo osungira nyama amafa ambiri ndi matenda a toxoplasmosis, amene mphaka wapakhomo amakhala nawo osadwala n'komwe. Akatswiri amaganiza kuti m'zidikha zozizira ndi zouma kachilombo koyambitsa matendawa n'kosowa, motero thupi la manul silinaphunzire kulimbana nako.

Pa zonsezi chithunzi chili ndi ntchito yoposa kukongola. Mapu a komwe manul amakhala akhala akukula chifukwa cha zithunzi zosaoneka bwino, zopendekeka, zimene sizingapambane mpikisano uliwonse. Mu 2012 makamera omwe anatcheredwa pofuna anyalugwe a m'mapiri achisanu ku Wangchuck Centennial Park anajambula manul, ndipo umenewo unali umboni woyamba wakuti aliponso ku Bhutan. Posakhalitsa zinachitikanso ku Manang, m'dera la Annapurna ku Nepal. Chimene ofufuza amafuna kwa wojambula ndi tsiku, malo enieni, kutalika kwa malowo kuchokera pa nyanja, ndi chithunzi choonetsa bwino madontho a pachipumi ndi mizere ya m'masaya, zomwe zimathandiza kusiyanitsa mphaka wina ndi mnzake. Manambala a GPS aja, ochotsedwa pa chithunzi chopita kwa anthu onse, amatumizidwa kwa iwo.

Nthawi zina umboni umapezeka popanda kamera. Mu 2019 gulu la asayansi lomwe linakwera phiri la Everest, m'nkhalango yotetezedwa ya Sagarmatha ku Nepal, linatola ndowe pa mtunda wa mamita 5,110 ndi 5,190. Tracie Seimon wa bungwe la Wildlife Conservation Society ndi anzake atayeza DNA ya m'ndowezo anapeza kuti zinali za amphaka a manul osachepera awiri, ndipo kuti anali atadya pika ndi kanyama kena kolusa ka m'mapiri ka mtundu wa weasel. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2022, ndipo zinawonjezera kum'mawa kwa Nepal pa mapu a mphakayu.